Kuseketsa ndi Kuliritsa m'Katuni Imodzi: Kalukidwe ka Nthabwala ndi Chisoni pa TV

Gawo limodzi la katuni ya pa TV ndi lalifupi. La theka la ola limatsala ndi mphindi pafupifupi 22 mukachotsa malonda, makatuni ambiri a Cartoon Network amatenga mphindi 11, ndipo Bluey ya ku Australia imatha m'mphindi 7 zokha. M'kanthawi kameneka mukufuna woonera aseke mpaka kugwira nthiti, kenako akhale duu, misozi ikulengeza. Alembi ambiri oyamba kumene amangowaza nthabwala zingapo apa, chisoni pang'ono apo. Zikatero pamatuluka nkhani ziwiri zongolumikizidwa, ndipo woonera amaona polumikizirapo. Njira yodalirika ndi yakuti chimene chikuseketsa ndi chimene chikuliritsa zichokere pa bala limodzi la munthu mmodzi. Sikiriputi, zojambula, mawu ndi nyimbo zonse zimatsatira pamenepa.

Pezani bala musanalembe nthabwala

Tengani mpangankhani wanu wamkulu, muyankhe mafunso atatu pa pepala, lililonse ndi chiganizo chimodzi. Akufunitsitsa chiyani? Anataya chiyani, kapena akuopa kutaya chiyani? Nanga amachita khalidwe lanji lopusa pofuna kubisa mantha amenewo? Yankho lachitatu ndiye gwero la nthabwala zanu, lachiwiri ndiye gwero la misozi. Ngati awiriwa sakugwirizana, musapitirire. Bwererani mukakonze munthuyo.

Mu Adventure Time, imene inayamba mu 2010, Ice King ankaoneka ngati nkhalamba yozungulira mutu imene ntchito yake ndi kuba ana aakazi a mafumu kuti iwakwatire. Anthu ankangomuseka. Chakumapeto kwa 2011 zinaululika kuti kale anali Simon Petrikov, munthu wophunzira wofufuza zinthu zakale, amene chisoti chamatsenga chinamulanda nzeru mpaka bwenzi lake Betty kumuchokera. Mu 2012 gawo la "I Remember You" linasonyeza kuti iyeyu anasamalirapo Marceline, mmodzi mwa ampangankhani a katuniyi, ali kamwana, koma sakukumbukanso kalikonse. Alembi sanasinthe khalidwe lake ngakhale pang'ono. Akuberabe ana a mafumu, akubwebwetabe. Chimene chasintha ndi zimene woonera akudziwa: munthuyu akufunafuna mkazi amene dzina lake analiiwala. Nthabwala zakale zomwe zija tsopano zili ndi kulemera kwina, ndipo zikuseketsabe.

Koma musachite zimenezi kwa aliyense. Mu Avatar: The Last Airbender muli bambo wogulitsa kabichi amene ngolo yake imaphwanyidwa nthawi ndi nthawi. Iyeyu safunika mbiri yomvetsa chisoni. Katuni imafuna anthu awiri kapena atatu opanda bala, oti akangotulukira woonera apume.

Lamulo la ululu

Musanalembe gawo loyamba, gwirizanani kuti m'dziko la katuni yanu chimapweteka n'chiyani. Mu Tom and Jerry, Tom amagweredwa ndi chitsulo, n'kuphwatalala, pa sekondi yotsatira ali bwinobwino. M'dziko lotero simungaliritse munthu ndi ngozi ya galimoto, chifukwa munamuphunzitsa kale kuti thupi silivulala. The Simpsons inagawa lamuloli pawiri: Homer, bambo wa m'banjamo, akhoza kugwera m'chigwembe chakuya n'kukhalabe moyo, koma mawu oipa ochokera kwa mwana wake amamulasa zenizeni. Avatar inasankha zina: moto umawotcha, ndipo chipsera cha pankhope ya Zuko, mwana wa mfumu, sichichoka kuyambira gawo loyamba mpaka la 61.

Lembani lamulo lanu pa tsamba limodzi, aliyense wa m'situdiyo akhale nalo. Chimene chimawononga kwambiri ndi kuliphwanya pa nkhani ya imfa. Family Guy inapha galu Brian mu November 2013, n'kumubwezanso mwezi wotsatira. Mukatero kamodzi, maliro ena alionse amene mudzalembe woonera adzawaonera akudikira kuti wakufayo adzuka liti.

Kuyala gawo pa khoma

Gulani makhadi a mitundu iwiri, mwachitsanzo achikasu a sini yoseketsa ndi abuluu a sini yolemera. Sini iliyonse, ndiye kuti kachigawo ka nkhani kochitikira pamalo amodzi, ikhale ndi khadi lake: ikuchitikira kuti, muli ndani, chasintha n'chiyani ikamatha. Gawo la mphindi 22 likhoza kukwana m'makhadi 18 mpaka 25, ogawidwa m'ndime zitatu mogwirizana ndi malo a malonda. Amateni pa khoma, muime chapatali.

Mukaona achikasu okhaokha mpaka mphindi ya 19, kenako abuluu atatu kumapeto, dziwani kuti chisonicho chidzafika ngati mlendo wosayembekezereka, ndipo woonera adzaona kuti mukumukakamiza kulira. Mbewu ya chisoni idzalidwe m'mphindi zitatu zoyambirira, makamaka mkati mwa nthabwala, pamene munthu akuseka ndipo sakuchenjera.

Onani mmene gawo lachitatu la Avatar, la mu 2005, linayalidwira. Aang, mnyamata amene ndi mpangankhani wamkulu, akubwerera ku kachisi kumene anakulira, ali ndi chikhulupiriro choti anthu a mtundu wake alipobe. Mnzake Sokka ali ndi njala, ndipo njala yakeyo ndiyo nthabwala ya gawo lonse. Sokka wapeza chisoti cha msilikali wa adani, mlongo wake Katara n'kuchikwirira ndi chipale chofewa kuti Aang asachione. Apa woonera wadziwa kale zimene Aang sakudziwa, choncho kuseka kulikonse kotsatira kuli ndi nkhawa pansi pake. Kenako patulukira kanyama kouluka, Momo. Aang akufuna kukaweta, Sokka akufuna kukadya, onse akukathamangitsa. Mpikisano woseketsa womwewu ndi umene ukufikitsa Aang m'chipinda mmene muli mafupa a mphunzitsi wake Gyatso. Nthabwala siinaime kuti chisoni chidutse. Ndiyo yanyamula mwanayo n'kukamutula pa chisonipo. Poyesa makhadi anu, chotsani achikasu onse muone ngati nkhani ingafikebe pa sini yolemera. Ikafika, ndiye kuti nthabwala zanu ndi zokongoletsera chabe, sizikugwira ntchito.

Nkhani yachiwiri ya m'gawo, imene nthawi zambiri imakhala yoseketsa, izungulire funso lomwelo. Mu "Jurassic Bark" ya Futurama, ya mu 2002, Fry, mnyamata amene anaumitsidwa mufiriji n'kudzuka patapita zaka 1,000, wapeza mtembo wouma wa galu wake Seymour, amene anamusiya kalelo, ndipo akufuna kumudzutsa ndi sayansi. Loboti Bender akuchita nsanje ndi galu wakufayo, mpaka kumuponya m'chiphalaphala chamoto. Nsanje ya loboti ndi yoseketsa, koma funso lake ndi la gawo lonse: kodi bwenzi limaiwalika? Fry atamva kuti galuyo anakhala zaka 12 iye atachoka, akuganiza kuti anamuiwala, n'kusiya zomudzutsa. Kenako woonera yekha akuonetsedwa galuyo akudikira pakhomo pa sitolo ya pizza, chaka ndi chaka, popanda wolankhula.

Chida china champhamvu ndi kubwereza chinthu chimodzi kawiri. Mu nkhani ya Iroh, mbale wa bambo ake a Zuko, ya mphindi zochepa chabe m'gawo la Avatar la "The Tales of Ba Sing Se" la mu 2006, mkuluyu akuyendayenda mumzinda. Akuimbira kanyimbo mwana wolira, akuthawa limodzi ndi ana amene aphwanya windo ndi mpira, akuphunzitsa wachifwamba kaimidwe kabwino kenako n'kumwa naye tiyi. Zonse zoseketsa. Madzulo akwera phiri, ayika chithunzi cha mwana wake Lu Ten amene anafera kunkhondo, n'kuimba kanyimbo komwe kaja mawu akunjenjemera. Apa m'pamene timazindikira kuti tsiku lonse ankathandiza ana a eni chifukwa wake sanathe kumuthandiza. Sankhani chinthu chimodzi, kaya nyimbo, chovala kapena mawu amene munthu amakonda kunena. Chionekere koyamba poseka, kachiwiri polira, ndipo musachifotokoze.

Sini yolemera kwambiri musaiike pafupi ndi malonda. Ikani chiopsezo kumapeto kwa ndime yachiwiri, koma misozi yeniyeni ikhale mkati mwa ndime yachitatu, pamene palibe chodula.

Ndani ali ndi ufulu woseka

Funso limene limavuta alembi ndi lakuti, kodi m'sini yachisoni mungakhale nthabwala? Ingakhalemo, koma zimatengera woinena ndi kumene yaloza. Pa maliro, amuna amene akuchezera pamoto panja amasereulana n'kuseka usiku, palibe wowadzudzula. Koma wolowa m'nyumba ya siwa n'kuseka namfedwa amatulutsidwa. M'katuni lamulo ndi lomwelo.

Nthabwala yochokera kwa mwini chisoniyo, poyesa kudzilimbitsa, imakuza chisoni. Mu 2018 BoJack Horseman inapereka pafupifupi gawo lonse la "Free Churro" kwa BoJack akulankhula yekha pa maliro a mayi ake. Akuponya nthabwala motsatizana, ndipo iliyonse ikuulula kuti mayiyo sanamuonetsepo chikondi. Pomaliza atsegula bokosi n'kupeza kuti walowa chipinda cha maliro a munthu wina. Woonera amaseka, koma kusekako kumawawa, chifukwa mawu onse aja sanafike kumene amapita.

Nthabwala yaing'ono yosonyeza ubale nayonso imaloledwa. Mu "Mother Simpson" ya mu 1995, mayi a Homer, amene iye ankaganiza kuti anamwalira kalekale, akuthawanso apolisi. Potsanzikana, mayiwo akugunda mutu pa khomo la galimoto n'kufuula mofanana ndi mmene Homer amafuulira. Kanthu kamodzi kameneka kakutiuza kuti awa ndi mayi ndi mwana wake, ndipo kulekana kwawo kukupweteka koposa.

Imene iyenera kufufutidwa ndi nthabwala ya mlembi wamantha. Mumaidziwa chifukwa imaseka siniyo: wina akunena kuti nkhaniyi yafika pomvetsa chisoni, wina akuyang'ana kamera, wina akugwa kumbuyo pamene mnzake akuulula zakukhosi. Mlembi amaiika poopa kuti anthu amunena kuti wachita zachibwana. Woonera akaona kuti inuyo simukukhulupirira sini yanu, nayenso amasiya, ndipo ulendo wina salolanso kukhudzidwa. Powerenga sikiriputi pagulu, zungulizani nthabwala iliyonse imene ili pafupi ndi mzere wolemera, mufunse kuti yachokera m'kamwa mwa munthuyo kapena mwa ife. Ngati ndi mwa ife, ichoke, ngakhale itakhala yoseketsa kuposa zonse m'gawolo. Isungeni, idzagwira ntchito kwina.

Kuwerenga mafulemu

Pa pepala zonse zikhoza kukhala bwino, n'kudzawonongeka pa nthawi. Malo okonzera nthawi ndi animatic, ndiye kuti zithunzi za storyboard (zojambula za pensulo zosonyeza nkhani sini ndi sini) zoikidwa pa kompyuta motsatizana, pamodzi ndi mawu. Mapulogalamu aulere monga Storyboarder, Krita ndi DaVinci Resolve amakwanira. Sankhani liwiro pachiyambi: makatuni ambiri amapangidwa pa mafulemu 24 pa sekondi (mafulemu ndi tizigawo ta kanema todutsa pa sikirini motsatizana), pamene TV ya ku Europe ndi kuno kwathu imayenda pa 25. Ambiri amajambula chithunzi chimodzi pa mafulemu awiri, choncho sekondi imodzi imadya zithunzi 12.

Manambala otsatirawa ndi poyambira chabe, muziwasintha ndi maso anu. Nthabwala ya thupi imafuna liwiro: kugwa kapena kumenyedwa kutenge mafulemu 4 mpaka 6, nkhope yodabwa iime mafulemu 8 mpaka 12, kenako dulani. Chisoni chimafuna zosiyana. Mzere wolemera ukanenedwa, pasakhale wolankhula kwa mafulemu 48 mpaka 96, ndiye kuti masekondi 2 mpaka 4. Pa animatic kanthawi kameneka kamaoneka kataliatali, ndipo gawo likapitirira mphindi zake, wodula amathamangira pomwepa. Kanizani. Chotsani nthabwala imodzi ya m'ndime yoyamba, masekondiwo muwapeze kumeneko.

Nkhope yoima isaume gwa. Chithunzi chimodzi chikakhala masekondi atatu osasuntha, woonera amaganiza kuti kanema waima. Ikani kuphethira kumodzi kwa mafulemu 5 kapena 6, maso atsike pang'ono, mapewa agwe pang'onopang'ono. Kukokomeza kumene kumaseketsa, monga maso otuzuka, kamwa lofika m'makutu ndi misozi yothovoka ngati mpope, kuchepe kutatsala sini imodzi, osati mwadzidzidzi. Misozi yothovoka ndi chizindikiro cha nthabwala, ndipo mukaiika pa maliro anthu adzaseka. Dontho limodzi limakwana, ndipo nthawi zambiri munthu amene akulimbana ndi misozi amakhudza kuposa amene akulira.

Kamera siyenera kuyandikira nkhope nthawi zonse. "Mother Simpson" imatha Homer atakhala pa galimoto yake, akuoneka chapatali, akuyang'ana nyenyezi, mayina a opanga akudutsa. Opangawo anaonetsetsa kuti wailesi ya Fox isalengeze pologalamu ina pamwamba pa chithunzicho. Kwa situdiyo yaing'ono njira imeneyi ndi yotsika mtengo: munthu wotembenukira kumbali safuna kujambula milomo. Ndalama zimene mwapulumutsa zipite kwa wojambula wanu waluso koposa, ndipo iyeyo mumupatse sini yabata. Sini yothamangitsana imabisa zolakwika, yabata imaziulula.

Kubwerera ku nthabwala kukhale ndi mlatho. Ikani kasini ka masekondi 10 mpaka 20 kopanda nthabwala komanso kopanda misozi: anthu akuyenda, akulongedza, akudya. Nthabwala yoyamba ikhale yofatsa. M'gawo la Avatar lija, Aang atatonthozedwa, Momo akubweretsera Sokka zipatso. Njala imene inatiseketsa pachiyambi yathetsedwa mwachifundo, ndipo woonera waloledwa kumwetulira.

Mawu, nyimbo ndi mitundu

Ku America mawu amajambulidwa kaye, zithunzi n'kutsatira. Tsatirani dongosolo limeneli, chifukwa wojambula amatenga kayendedwe ka nkhope kuchokera ku mpweya wa wolankhula. Pa sini yolemera, olankhula onse awiri akhale m'chipinda chimodzi. Andrea Romano, amene ankatsogolera mawu a Batman: The Animated Series kuyambira 1992, ankasonkhanitsa olankhula pamodzi kuti aziyankhana. Jambulani mzere uliwonse katatu: mwamphamvu, mwapakati, ndi motsitsa ngati kunong'ona. Kawirikawiri wapakati kapena wotsitsa ndiye amagwira. Musafufute kupuma ndi kumeza malovu poyeretsa mawu. Ndipo wolankhula asasiye liwu loseketsa la mpangankhani n'kuyamba lake lenileni, chifukwa woonera adzamva ngati walowa munthu wina. Liwu likhale lomwelo, lingotsika.

Nyimbo ilowe mzere wolemera utanenedwa kale. Ikatsogola, imauza munthu kuti konzekera kulira, ndipo munthu wouzidwa amaumitsa mtima. Timaphokoso toseketsa, monga kulira kwa sipuling'i ndi likhweru la munthu wogwa, tisiye kumveka kutatsala masekondi 20 kapena 30. Koma chete wa kompyuta, wopanda kalikonse, amamveka ngati TV yawonongeka. Jambulani mphindi imodzi ya mpweya wa m'chipinda, kapena mphepo ndi tizilombo ta usiku, muike pansi pake.

Mitundu isinthe pang'onopang'ono pa masini atatu. Jambulani timabokosi ta mitundu ya sini iliyonse pa tsamba limodzi, muone ngati dzuwa likutsika mwadongosolo. Mvula yongoyamba pamene munthu wayamba kulira inagwiritsidwa ntchito mopitirira, moti ana omwe amaidziwa.

Ngati oonera ndi ana aang'ono

Ana amatha kusenza nkhani yolemera, bola inenedwe mosabisa ndipo pakhale wamkulu pafupi. Mu "Copycat", m'sizoni yoyamba ya Bluey, kamwana Bluey kakuseweretsa bambo ake powatsanzira chilichonse, mpaka apeza kambalame kovulala. Apita nako kwa dokotala wa ziweto, koma kafa. Kunyumba Bluey akubwereza tsiku lonse ngati sewero, mng'ono wake Bingo ndiye kambalame. Mayi akuyesa kusintha mathero kuti kachira, Bluey akukana. Kenako Bingo, wosamvetsa kuti ayenera kufa, akungothamangathamanga. Kutsanzira kumene kunali nthabwala kwasanduka njira ya mwana yomvetsera imfa, ndipo gawo latha ndi kuseka popanda kunama. Polemba zotere, nenani kuti "wafa" kapena "wamwalira". Mukanena kuti "wagona", mwana wa zaka zinayi akhoza kuyamba kuopa tulo.

Sizoni yonse, ndi kuyesa pa anthu

M'sizoni ya magawo 13, olemera kwambiri asapitirire awiri kapena atatu, ndipo asatsatizane pokhapokha kumapeto. Avatar, isanalowe m'magawo anayi omaliza a nkhondo mu 2008, inaika gawo limene ampangankhani akuonera sewero lowanyoza iwo eni. Oonera anapuma, komanso anakumbutsidwa ulendo wonse. Gawo lobwera pambuyo pa lolemera lisonyeze kachizindikiro kakuti chinachake chinachitika, ngakhale chithunzi chatsopano pa khoma. Kumbukiraninso kuti mawailesi amabwereza magawo mosatsata dongosolo, choncho gawo lolemera lililonse lidzale mbewu yakeyake, lisadalire za sabata yatha zokha.

Animatic ikatha, itanani anthu 5 mpaka 8 amene sanawerenge sikiriputi. Musawafotokozere kalikonse. Khalani chapambali, muziyang'ana nkhope zawo osati sikirini, muzilemba mphindi ndi sekondi ya kuseka kulikonse ndi pamene wina wagwira foni. Akaseka pa mzere wolemera, yang'anani zinthu zitatu: nthabwala yomaliza yayandikira kwambiri, nkhope yakokomezedwa, kapena mpangankhaniyo sananenepo chilichonse choona m'gawo lonse moti anthu akudikira nthabwala basi. Akakhala chete koma osakhudzidwa, vuto silikhala m'sini imeneyo kawirikawiri. Lili m'ndime yoyamba, mmene sitinaone kuti chotayikacho chinali chamtengo wapatali kwa mwiniwake. Onjezani masekondi 15 kumeneko a anthu awiriwo akusangalala limodzi, m'malo mowonjezera misozi kumapeto. Akagwira mafoni pakati pa gawo, ndiye kuti makhadi abuluu atsatizana opitirira atatu, kapena munthu akufotokoza chisoni chake ndi mawu ambiri. Dulani theka la mawuwo, musiye chiganizo chachifupi koposa.

Mukatha, afunseni funso limodzi: munthu uja amafuna chiyani? Akayankha mosiyanasiyana, bwererani ku mafunso atatu a pa pepala aja. Konzani, muonetsenso gulu lina latsopano, chifukwa loyambalo likudziwa kale mathero. Kusintha kulikonse kuchitike pa animatic, pamene kuchotsa sini ndi kuchotsa zithunzi khumi za pensulo. Ojambula akangoyamba, mphindi imodzi ndi zithunzi 720, choncho mukavomereza animatic, itsekeni ndipo aliyense asaine.